Kamera Yovekedwa Chipewa

Khutu lakumanzere la Lydia linali litasiya ntchito. Mkati mwake munkangolira kanthu ngati firiji yakale, osapumula, ndipo munthu akamuyankhulira mbali imeneyo, iye ankangoona milomo ikugwedera. Chichokereni kunyumba kwa mwamuna wake Kenny ku Nsungwi, ku Area 25, mwana kumsana, chikwama m'manja, ankagona pabalaza kwa mchimwene wake Misheck ku Biwi. Masana ankakhala pa kontena ya Misheckyo, kubena nyimbo m'makhadi a anthu, kutchaja mafoni, kumata magalasi pa mafoniwo. Ntchitoyo ankaidziwa kuyambira ali mtsikana. Chomwe ankaphunzira tsopano chinali kukhala chopendekeka, khutu lamoyo litaloza kukhomo.

Lachisanu limenelo dzuwa linali litasandutsa kontena uvuni. Kuseri owotcherera zitsulo ankalimbana ndi geti ya munthu, ndipo fumbi la mumsewu linkalowa ngati nalonso limalipira lendi. Lydia anali atatsamira pa kauntala pomwe chithunzithunzi cha munthu chinatseka kuwala.

"Odi kuno! Amake Tiyese, ndayamba kukuitana ndili pa chigayo paja."

"Pepani, mayi. Bwerani mbali iyi. Uko kunatsekedwa."

Anali Mayi Peggy a ku Area 47, eni ake a Sienta yoyera imene Kenny ankanyamulira anthu pakati pa Nsungwi ndi m'tauni. Anali kasitomala wakale wa pa kontenapo, ndipo ntchito ya udalaivalayo anamupezera Kenny ndi Lydia yemweyo, atawanyengerera mayiwo mpaka kuwaikira nyimbo za kwaya zaulere. Mayi Peggy anayang'ana khutulo, kenako anayang'ana kumbali. Anamasula mfundo ya kampango natulutsa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo.

"Bampala yakutsogolo yapindika. Mwamuna wakoyo akuti wakabaza anamugunda Lamulungu. Wakabaza wake uti wopinda bampala ngati lole? Tatsegula tione."

Kakhadiko kanali ka kamera ya m'galimoto. Mayi Peggy anaigula atatopa ndi nkhani za madalaivala, zoti tayala laphulika lokha, galasi lasweka lokha, chilichonse chokha. Amene anaimata pagalasi lakutsogolo anali Lydia, poti ndiye ankatha kumva timabatani take. Lamulo la mayiwo linali limodzi: wozula chingwe cha kamera wazula ntchito yake. Ndiye madalaivala a pa siteji, omwe angapo anali ndi makamera otere, anapeza nzeru yawo. Akafuna kupanikiza anthu mopyola, kapena kunyamula munthu wosafunika kuoneka, ankavula chipewa n'kuchikoleka pa kamerapo. Akafunsidwa, yankho linali lophika kale: ndinangokoleka, bwana, kunatentha.

Tsiku lomata kameralo, Lydia anamuuza Kenny kuti kanthuko kali ndi makutu, kamajambula ndi mawu omwe. Kenny anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Iwe za magalimoto unaziphunzira kuti? Kamera ndi diso. Ukaiveka chipewa yagona. Kafunse siteji yonse."

Lydia sanabwerezenso. Sipika ya laputopu ya Misheck inafa kalekale, motero Mayi Peggy akabwera ndi khadi ankaonera zithunzi zopanda mawu, ndipo pakada bii Lydia ankadumphitsa msanga. Mahedifoni anali mu dirowa momwemo, koma sankawatulutsa. Mkazi wofuna kuti banja lake likhalepo amadziwa zimene sayenera kumva, ndipo amazidumphitsa yekha, ndi chala chake.

Koma Lamulungu limene mayiwo ankafunali linali tsiku limene ankhoswe anakhala pansi koyamba pa nkhani yake. Nkhoswe ya Lydia anali malume ake a Gilford, mlongo wa mayi ake, amene pa chinkhoswe analonjeza pamaso pa anthu kuti mwanayu akadzalira, woyamba kumva adzakhala iwo. Nkhoswe ya Kenny anali akulu ake a Jeremiah. Tsikulo onse anatsika m'galimoto imodzi, Kenny pa chiwongolero, a Gilford pampando wakutsogolo, akusisita mimba ngati akuchokera ku phwando. Lydia atatchula za khutu, malume ake anati, "Za khutu tiziona," n'kukhotetsa nkhani: pakamwa pa Lydia, mayankho a Lydia, nkhope imene Lydia amalandirira mwamuna pakhomo. Pomaliza anamupatsa sabata kuti aganize. Mkuja ankabweranso kudzamva chimene waganiza, ndipo aliyense ankadziwa kale chimene ankayenera kuganiza. Ngakhale mayi ake ku Ntcheu anaimba foni: mvera malume ako, mwanawe, tonsefe tinadutsa momwemo.

Lydia anatsegula zithunzi za Lamulungu. Msewu wa ku Nsungwi unaonekera, ogulitsa mango, njinga zamoto zikulukana. Kenako dzanja la Kenny linabwera ndi chipewa chake chofiira, ndipo laputopu inada bii.

"Hoo! Wayambapo," anatero Mayi Peggy. "Dumphitsa."

Chala cha Lydia chinafika pa batani, n'kuima. Pakona pa mdimawo nthawi inkayendabe, ndipo inali nthawi imene amuna atatuwo ankabwera ku Biwi. Anatsegula dirowa, natulutsa mahedifoni, naika mbali imodzi kukhutu lamoyo. Mbali inayo inangolendewera pachifuwa, yopanda ntchito. Anabweza kumbuyo pang'ono.

Injini. Wailesi ikutsitsidwa. Kenako mawu a Kenny, pafupi ngati ali m'kontena momwemo.

"Dikirani kaye, malume, ndimuveke chipewa kazitapeyu."

Amuna atatu anaseka. Kuseka kwa a Gilford ankakudziwa bwino, kuja kothera m'chifuwa, komwe ali mwana ankakuthamangira akakumva pakhomo.

"Tsopano mkamwini, tili tokhatokha," anali a Gilford. "Khutulo unalitani?"

"Mbama, malume. Ziwiri, kaya zitatu. Ndabwera wotopa, iye n'kumandifunsa kuti wandiimbira foniyo ndani. Munthu ufike pakhomo pako ngati wafika ku polisi?"

"Pamenepo unalakwitsa malo. Mkazi samenyedwa kumutu, mwana wanga. Kumutu kumaoneka, kumapita kuchipatala, kumatiitanitsa ife pa Lamulungu."

"Wamva nzeru za akuluakulu?" anali a Jeremiah, akuseka.

Lydia sanazindikire kuti wagwira m'mphepete mwa kauntala. Mayi Peggy anamuyang'ana kumaso, natola mbali yolendewera ija, naiika kukhutu kwawo. Mitu yawo inayandikana ngati ana asukulu akumvera nyimbo imodzi.

"Tikakafika, iwe usayankhule zambiri," a Gilford anapitiriza. "Nkhani ya khutu ndiikankhira kutsogolo. Ikadzabweranso, uziti anaterereka pabafa. Ine ndikagwira pakamwa pake. Ndimamudziwa, anatengera mayi ake, mlongo wangayo. Sabata yamawa tidzakupatsa mkazi wako."

"Mwandithandiza, malume."

"Tithandizane. Kachewere wanga uja akadali ku Lizulu."

"Musadandaule. Lachiwiri tipita, ndigwetsa mipando yakumbuyo. Matumba onse alowa."

Anasekanso, ndipo kuseka kuli mkati panamveka khu! Kenny anatukwana. Chitseko chinatsegulidwa. "Aaa, mwala wa pangalande uwu! Basi, tidzati wakabaza."

Mayi Peggy anazula hedifoni kukhutu ngati yawaluma.

"Ku Lizulu! Ndi galimoto yanga! Lachiwiri anandiuza kuti waswera pa mzere wa mafuta, ine mpaka kumumvera chisoni! Kachewere! Ndiye chifukwa chake mipando ikununkha dothi!"

 Mayiwo anamva kachewere, anamva bampala. Za khutu anazimvanso, koma khutulo silinali lawo. Bampala ili ndi mwayi pa dziko lino: ikapindika pamapezeka munthu woikalipira.

"Mayi," anatero Lydia, mawu ake ali phee, "ndikufuna ndikopere kachigawo aka."

Mayi Peggy anasiya kukalipa. Anakonza chitenje, nakonzanso.

"Ine za m'mabanja a anthu sindilowa nawo, amake Tiyese. Mawa mugwirizana, woipa ndidzakhala ine."

"Sitigwirizana."

"Onse amatero."

Owotcherera aja anayambiranso phokoso lawo. Lilime la Mayi Peggy linapita pampata wa dzino lakutsogolo, dzino limene Lydia sanafunsepo kuti linachoka bwanji. Amuna awo anamwalira kale. Pa maliro anthu anawatamanda kuti anali munthu wamtendere.

"Mumuchotsa ntchito?" Lydia anafunsa.

"Ndimuchotse, ayendetse ndani? Wina amene ndingapeze adzapita nayo ku Mchinji. Bampala akonzetsa, ntchito agwira. Nanga mwana wakoyo adya chiyani?" Anatola chikwama chawo. "Ndikukaona usipa apo. Zimene laputopu imachita ine kulibe sindizidziwa. Koma dzina langa lisatuluke pakamwa pako."

Anatuluka, kakhadi kali mu laputopu.

Loweruka m'mawa, akutsegula kontena, Lydia anamupatsa Misheck mahedifoni. Misheck anamvetsera ataimirira. Pofika pa mawu akuti mkazi samenyedwa kumutu, anali atanyamula kale chitsulo chotsekera chitseko.

"Ndikukamupeza pa siteji. Ndikamaliza iyeyo ndipita kwa malume akowo."

"Ndi malume anunso, achimwene. Khalani pansi. Mukakamumenya, mawa nkhani idzakhala ya inu, ine ndidzakhala mboni chabe."

"Ndiye tiiponye m'magulupu onse a pafoni! Biwi yonse imve, Area 25 imve, mpingo wawo umve kuti mkulu wa mpingo amaphunzitsa malo omenya!"

Lydia anali ataganiza kale zimenezo, ndipo anaziona mpaka kumapeto kwake. Anthu adzaseka m'maminibasi. Makondakitala adzazitenga kukhala mawu a pa siteji: mkazi samenyedwa kumutu, bwana, sunthani. Anyamata adzaikamo biti n'kuisandutsa nyimbo, ndipo tsiku lina mnyamata wina adzabwera pa kontena yomweyi ndi khadi lake kuti Lydia amubenere. Tiyese adzakula, adzaimva pafoni ya mnzake.

"Ayi," anatero. "Aimve eni ake, ine ndikuwaona kumaso."

"Ukuganiza achita manyazi? Anthu amenewa?"

"Sindikuganiza kanthu, achimwene. Ndatopa. Mundibwereke sipika ija yoitanira makasitomala."

Misheck anabweza chitsulo pakona, koma anachibweza mochiponya.

Lamulungu, anthu atatuluka m'matchalitchi, Sienta yoyera inakhota pangalande n'kuima pampanda. Anatsika monga anatsikira sabata yatha: Kenny, a Jeremiah, ndi a Gilford kuchokera pampando wakutsogolo, jekete la ku tchalitchi lili paphewa. Kudzera pagalasi Lydia anaona chipewa chofiira chili lende pa kamera. Analinso ndi zokambirana panjira.

Pakhonde panaikidwa mipando inayi ya pulasitiki, ya alendo ndi ya Misheck. Lydia anakhala pamkeka, miyendo atatambasula, beseni lovundikira chitenje lili pambali pake. Tiyese anali atapita ndi mkazi wa Misheck kwa aneba. Mumpandamo munali nyumba za lendi zingapo ndi mpopi umodzi, ndipo tsiku limenelo, mwadzidzidzi, amayi onse a mumpandamo anafuna madzi nthawi imodzi.

A Jeremiah anapemphera. Linali pemphero lalitali, lopempha Mulungu kuti afewetse mitima youma, ndipo palibe amene anafunsa kuti mtima woumawo ndi wa ndani. Atati amen anapukuta kumaso nayamba.

"Ife sitinabwere kudzaba mkazi. Kwathu zinthu zimayenda m'njira yake. Mlamu wathuyu tinamulandira kuchokera m'manja mwa nkhoswe yake, ndipo abwerera kunyumba kudzera m'manja mwa nkhoswe yake. Popanda dzanja la a Gilford apa, Kenny sangamutenge, ngakhale atalira misozi ya magazi. Umenewo ndiye mwambo, ndipo ife timaulemekeza."

Anayang'ana kumpopi kuti aone ngati amayi aja amva ulemu wakewo.

A Gilford anatsokomola. "Zikomo, anzanga. Lydia, mwana wa mlongo wanga. Mano ndi lilime zimakhala nyumba imodzi. Zimalumana, koma palibe chimene chimanyamula chikwama n'kupita ku Biwi." Anadikira kuti ena aseke, ndipo Kenny anaseka. "Nkhani ya khutu ija ndaifufuza. Mkamwini wandifotokozera bwinobwino kuti unaterereka pabafa. Sopo ndi woipa, tonse timadziwa. Ndiye tisamusenzetse munthu mlandu wa sopo."

Lydia ankayembekeza kuti panthawi imeneyi adzakhala akunjenjemera ndi mkwiyo. Koma chomwe anamva m'thupi chinali kulemera kokha, ngati munthu amene waswera kutunga madzi kenako akuuzidwa kuti mgolo ndi wobooka. Anawayang'ana malume akewo. Anali munthu amene anamugulira nsapato zake zoyamba za kusukulu.

"Malume, ndifunse kamodzi kokha. Inuyo, mumtima mwanu, mukukhulupirira kuti ndinaterereka?"

"Ine ndinalipo? Ndikunena zimene ndauzidwa." Anayang'ana wotchi. "Mwamva mafunso akewo, a Jeremiah? Ndi zimene ndimanena. Gwada, mwana iwe, upepese mwamuna wako, tizipita. Anthu ali ndi zochita."

Lydia anavundukula beseni. Anayatsa sipika imene anabisa m'menemo, nadina foni yake.

Injini inalira pakhondepo. Wailesi inatsitsidwa.

"Dikirani kaye, malume, ndimuveke chipewa kazitapeyu."

Sipika imeneyo inagulidwa kuti izimveka kutsidya kwa msewu, kupyola owotcherera zitsulo. Mawu a Gilford anadzaza mpanda wonse, onenepa, omasuka, a munthu amene akudziwa kuti palibe akumumva. Mbama ziwiri, kaya zitatu. Unalakwitsa malo. Kumutu kumaoneka. Kumpopi chidebe chinadzaza, madzi n'kumasefukira pansi, ndipo palibe amene anatseka. Uziti anaterereka pabafa. Kachewere wanga uja.

Kenny analumpha, mpando n'kugwa chagada.

"Bodza limenelo! Sizingatheke! Ndinaiphimba ine! Ndinaiveka chipewa ndi manja angawa!"

Misheck anaseka kuseka koipa, kopanda chimwemwe. "Wamva, mlamu? Wavomera wekha. Palibe wakufunsa."

Kenny anatembenukira kugalimoto, nayang'ana chipewa chake pagalasi, ngati munthu woyang'ana galu wake amene wamuluma.

Lydia anazimitsa sipika. Anadikira kuti wina atchule khutu.

Woyamba kupeza mawu anali a Jeremiah. Anaimirira, chala chili m'mwamba.

"Ichi ndiye chachikulu! Kujambula akuluakulu mobisa? Kutchera msampha malume ako enieni? Mlandu wa lero wasintha. Tiyambe tadziwa kuti wakupatsa zimenezi ndani. Ndipo tisathamange, masiku ano makompyuta amatha kuyankhula mawu a munthu wina aliyense. Mtsikanayu amaswera pa kompyuta!"

"Kompyuta yomweyo ndi imene yalumpha pampando n'kunena kuti inaphimba?" anafunsa Misheck.

"Iwe khala chete, si iwe nkhoswe!"

Ndipo inayendadi choncho nkhaniyo, monga Lydia ankadziwira pansi pamtima kuti idzayendera. Anakangana za amene anapereka khadi. Anakangana ngati n'zololedwa. Anakangana za ulemu, za ana a masiku ano, za mafoni amene aononga dziko. Khutu linali pomwepo, pamutu pake, likulira ngati firiji, mikono iwiri kuchokera pa mawondo awo, ndipo palibe mwa alendowo amene analiyang'ana. Ukawagwira ndi mbuzi m'manja, anthu otere amakufunsa kuti unkafuna chiyani kukhola usiku.

 Thukuta linkawatsika a Gilford m'khosi kulowa m'kolala. Atayankhula, anayankhula motsitsa.

"Ine ndakunyamula uli kamwana. Bambo ako atamwalira ndinaima ndine. Lero undiyalutse pamaso pa anthu otunga madzi?" Anamenya bondo ndi chikhatho. "Ngati ndi choncho, ukhoswe ndatula. Lero lomwe, pano. Upeze wina wokuimira."

Atatero anatsamira kumbuyo, napinda manja, nadikira.

Aliyense pakhondepo ankadziwa chimene chimatsatira. Nkhoswe ikati yatula, mwana amagwada. Amagwira miyendo, amalira, abale amapepesa, nthawi zina nkhuku imafa. Nkhoswe imakana kawiri, kachitatu n'kuvomera, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene yanena chimachitika. A Gilford anautulapo kale ukhoswe wa ana ena a m'banjamo, ndipo nthawi zonse unkabwerera m'manja mwawo utanenepa.

Lydia anapinda miyendo, nagwada. A Gilford anatulutsa mpweya. A Jeremiah anagwedeza mutu mokhutira.

Lydia anawomba m'manja mwaulemu, katatu, monga anaphunzitsidwira kwawo.

"Zikomo, malume. Ndalandira. Munagwira ntchito, pumulani."

Kumpopi wina anati, "Ii!" n'kudzitseka pakamwa.

Lydia anatembenuza khutu lamoyo kwa a Jeremiah. "Alamu, munati chiyani poyamba paja? Munati mkazi amabwerera kudzera m'manja mwa nkhoswe yake. Munati popanda dzanja limenelo Kenny sanganditenge, ngakhale atalira magazi. Ine nkhoswe ndilibe. Mwamva nokha."

A Jeremiah anatembenukira kwa a Gilford. "A Gilford angoyankhula ndi mkwiyo. Si choncho, a Gilford? Tabwezani mawu, timalize nkhani."

A Gilford anayang'ana amayi a kumpopi. Amayi a kumpopi anawayang'ananso, zidebe zili pansi, manja ali m'chiuno. Mkulu wa mpingo amene mawu ake angomveka kumene akuphunzitsa malo omenya sakanathanso, pamaso pa maso amenewo, kutola chimene wangotaya ndi kukakamiza mwana kukwera galimoto. Anatola jekete lawo.

"Ndatula, ndatula," anatero, osayang'ana munthu.

Kenny anazungulira mipando nadzanyonyomala pambali pa Lydia, kumanzere. Anayankhula motsitsa, milomo ili pafupi ndi tsaya lake. Lydia anamva mpweya wofunda ndi fungo la sopo wake wometera. Kaya kunali kupepesa, kaya kunali kuopseza, sanadziwe, ndipo anadabwa kuona kuti sakufunanso kudziwa.

"Bambo a Tiyese," anatero, "uko sindimva. Munatseka nokha."

Alendowo anapita opanda kutsanzika. Pagalimoto a Gilford anazengereza, kenako anatsegula chitseko chakumbuyo. Kenny anakhala pa chiwongolero, natsomphola chipewa pa kamera, nayang'anizana nako kanthuko. Dzanja lake linapita pa chingwe, linachigwira, linachisiya. Lamulo la Mayi Peggy linali lisanasinthe. Galimoto inabwerera chambuyo pang'onopang'ono, kulambalala ngalande mosamala kwambiri, muli amuna atatu oyang'ana kutsogolo, milomo ili tseke ngati akuperekeza maliro.

"Wawaona? Wawaona nkhope?" Misheck ankazungulira pakhonde, akumenya chibakera m'chikhatho. "Ndikukagula zakumwa. Lero ndiye lero!"

 Lydia anaimika mpando umene Kenny anagwetsa, nasanjikiza inayo. Usiku adzayalanso pabalaza, adzadikira kuti onse agone, m'mawa adzapinda zofunda mlamu wake asanadzuke. Mawa adzakaima pamzere kuchipatala kuti amuonenso khutulo, ndipo adokotala mwina adzanena zomwe ananena kale. Ku Ntcheu dzina lake lidzakhala la mwana amene anajambula malume ake. Pa maliro ndi pa maukwati adzamulozerana ndi milomo. Koma ku Nsungwi sakupita, lero kapena Lamulungu lamawa, poti palibe dzanja lomupereka.

Akupinda mkeka, foni inalira. Anayang'ana: Amayi. Malume ayenera kuti anachita kutsika m'galimoto kuti aimbe.

Anaisiya ilire pang'ono. Kenako anaiyankha, naiika kukhutu lakumanzere, naipanikiza ndi phewa. Anamva kunjenjemera kwa foni pa tsaya, mawu a mayi ake akuthamanga kwinakwake kutali, kuseri kwa firiji ija.

"Eee, amayi," anatero, akupitiriza kupinda mkeka. "Eee."